Maloto Oopsa Obwerezabwereza: Zoyambitsa, Zotsatira ndi Chithandizo

Munthu aliyense amalota zoopsa nthawi zina, ndipo ana amatero kuposa akuluakulu. Maloto otere amakonda kubwera chakum'bandakucha, pamene thupi lili chigonere koma ubongo ukugwira ntchito kwambiri. Amasanduka vuto lofunika chithandizo akamabwera mobwerezabwereza mpaka munthu kuyamba kuopa tulo.

Gwero lalikulu ndi nkhawa, monga ya ngongole, zokolola zochepa, kulowa pansi kwa malonda kapena imfa ya wachibale. Anthu amene anapulumuka ngozi ya pamsewu, nkhanza kapena madzi osefukira, monga a namondwe wa Freddy mu Malichi 2023, amatha kulota zimene anaona kwa miyezi ngakhale zaka. Kutentha thupi chifukwa cha malungo, kusagona mokwanira, kumwa mowa wambiri ndiponso kuusiya mwadzidzidzi zimayambitsanso vutoli. Mankhwala ena nawonso amachititsa maloto oopsa, monga ma ARV okhala ndi efavirenz, makamaka m'masabata oyambirira.

Munthu wosagona bwino amadzuka wotopa, amaiwalaiwala ndipo sachedwa kupsa mtima. Mlimi amafooka m'munda, wamalonda amasokoneza mawerengero, woyendetsa galimoto amasinza pamsewu. Vutoli likakhalitsa limakulitsa matenda a nkhawa, ndipo ena amafika poganiza zodzipha.

Kulota munthu wina si umboni woti munthuyo ndi mfiti. Kunamizira munthu ufiti ndi mlandu malinga ndi lamulo la mu 1911, ndipo amene amavutika kwambiri ndi mchitidwewu ndi okalamba osalakwa.

Chithandizo chimayambira pakhomo: kugona ndi kudzuka pa nthawi yofanana tsiku lililonse, kupewa mowa, khofi ndi tiyi madzulo, komanso kufotokozera munthu wodalirika zimene zili mumtima. Alangizi a zamaganizo amaphunzitsa njira yokumbukira lotolo masana, kulisintha mathero kuti akhale abwino, kenaka kubwereza mathero atsopanowo m'maganizo tsiku ndi tsiku. Mwana wodzidzimuka usiku atonthozedwe, asakalipiridwe.

Amene akumwa ma ARV asasiye mankhwala mwa okha, koma akafotokoze kuchipatala kumene amalandirako. Aliyense amene maloto oopsa akumusowetsa tulo kwa masabata angapo, kapena amene akuganiza zodzivulaza, apite msanga kuchipatala chapafupi. Ofunika chithandizo chapadera amatumizidwa ku Zomba Mental Hospital kapena ku St John of God ku Mzuzu ndi ku Lilongwe.