Buleki ikakhala ndi chilema, adzatitsina khutu ndani ku Chisi?

Bwato likatitula pa doko la Kachulu kuchokera ku Chisi, ulendo umakhala usanathe. Kuti tikafike mu mzinda wa Zomba pamatsala makilomita pafupifupi 30, ndipo masiku ano ambirife mtundawu timauyenda pa njinga yamoto. Matemba ouma, makumba, milamba yowamba, matumba a mpunga wa ku Likangala, ngakhale wodwala amene amutumiza ku chipatala chachikulu cha Zomba, onsewa amadalira kabaza. Pokwera timanenerera mtengo mpaka kutsala pang'ono kukangana. Koma ndi angati mwa ife amene adafunsapo kuti, “Achimwene, buleki ikugwira koma?”

Kampani ikaitanitsa njinga zake

Njinga yatsopano nayo imatha kutuluka m'fakitale ili ndi chilema. M'maiko ambiri, kampani ikazindikira kuti njinga zimene idagulitsa zili ndi vuto loti lingaphe munthu, imalengeza poyera n'kuitana eni ake kuti abwere nazo, izikonze ulere.

Mu Disembala 2021, kampani ya Royal Enfield ya ku India idaitanitsa njinga 26,300 za mtundu wa Classic 350. Vuto lidali pa kachitsulo kamene kamagwira buleki ya kumbuyo kuti isatembenuke pamodzi ndi tayala. Kampaniyo idati munthu akaponda buleki mwamphamvu kwambiri kachitsuloko kangaonongeke, buleki n'kuyamba kulira komanso kuchepa mphamvu. Taganizani, nthawi imene munthu amaponda mwamphamvu ndi nthawi yomwe mbuzi kapena mwana wadumphira mu msewu.

Mu 2018, kampani ya Harley-Davidson ya ku America nayo idaitanitsa njinga zoposa 200,000 padziko lonse. Uku nkhani idali ya mafuta a buleki. Mafutawa amayamwa chinyezi, ndipo akakhalitsa osasinthidwa amapanga zinyalala zimene zimatseka njira mkati, buleki n'kuuma mwadzidzidzi. Kampaniyo idakhetsa mafuta akalewo n'kuthiramo atsopano, eni njinga osalipira.

Njinga zimenezi si zimene timakwera kuno ayi. Tazitchula kuti tione mmene nkhaniyi imayendera. Njinga iliyonse ili ndi nambala ya chasisi yodindidwa pa chitsulo, nthawi zambiri pakhosi pamunsi pa mahandulo. Fakitale imadziwa kuti chilema chili pa njinga zoyambira nambala yakuti kufikira yakuti, ndipo wogulitsa amadziwa amene adagula njinga iliyonse ndi foni yake. Basi foni imalira, mwini njinga n'kupulumuka.

Nanga ife foni ingalire bwanji?

Apa ndiye pagona vuto lathu. Njinga zambiri za kuno, kaya ndi Lifan, kaya King Lion kapena Boxer, zimatifika zitadutsa m'manja ambiri. Ina idalowa kuchokera ku Mozambique, ina idagulidwa kwa msodzi amene adaigula kwa mlamu wake chaka chimene nsomba zidagwidwa bwino. Lisiti idasowa kalekale, bulu buku kulibe, ku Road Traffic njingayo saidziwa. Fakitale itapeza chilema lero, ingamupeze kuti mwini njinga yotere? Akuluakulu adati wakutsina khutu ndi mnansi, koma mnansiyo amayenera adziwe khomo lako.

Ndiye pogula njinga yatsopano tisachoke m'sitolo popanda lisiti yolembedwa nambala ya chasisi ndi ya injini, ndipo tionetsetse kuti manambalawo akufanana ndi amene ali pa njinga. Tisiye nambala yathu ya foni kwa wogulitsayo, timufunse ngati pali galanti ndiponso kumene tingakadandaule. Njinga tikailembetse ku Road Traffic monga lamulo likunenera. Ndalama zake zimawawa, inde, koma pepala ndi limene limatiyankhulira zinthu zikavuta. Wogulitsa akakana kutimvera pa katundu wachilema, kuli bungwe la Competition and Fair Trading Commission limene limalandira madandaulo a ogula, komanso la Malawi Bureau of Standards loona ngati katundu ndi woyenera. Kumeneko nakonso chinthu choyamba chimene adzafunse ndi lisiti.

Nyanja yathu imadya buleki

Chilema cha kufakitale chimabwera mwa apo ndi apo. Chimene chimatha mabuleki athu tsiku ndi tsiku ndi malo amene tikukhala. Nyanja ya Chilwa ilibe mtsinje wotulutsa madzi, n'chifukwa chake madzi ake ali ndi kamchere. Madzi otere, pamodzi ndi odontha m'madengu a nsomba zaziwisi, amagwera pa tayala lakumbuyo n'kuchititsa dzimbiri kebulo, sipuling'i ndi ndodo ya buleki. Dzinja likafika matope amalowa mu dilamu. Chilimwe ndi fumbi ndi mchenga, zimene zimapala mashuzi a buleki ngati tupa.

Katundu naye amaonjezera. Njinga yonyamula matumba awiri a mpunga ndi mwini mpunga pamwamba siingaime pamene ingaimire yopanda katundu. Liwiro ndiye loipa koposa: mukathamanga kawiri kuposa poyamba, mtunda wofunika kuti njinga iime umachuluka kanayi. Wothamangira msika wa m'mawa kuti nsomba zisavunde azikumbukira zimenezi.

Kuitanitsa njinga kwa ife eni

Popeza foni ya kufakitale mwina siidzalira, njinga zathu tiziziitanitsa tokha. Ntchito yake siitenga mphindi zisanu.

M'mawa musanalize injini, kankhani njinga ndi manja n'kugwira buleki ya kutsogolo, kenako pondani ya kumbuyo. Iliyonse payokha iyenera kuimitsa tayala. Chopondera chisatsike kupitirira masentimita awiri kapena atatu buleki isanayambe kugwira, ndipo chogwirira chakumanja chisafike pokhudza handulo. Mukasiya, zonse zibwerere zokha msanga. Kebulo imene yayamba kusomphoka timawaya musaidikire kuti iduke.

Nati ya kumapeto kwa ndodo ya buleki ikafika pothera, ndiye kuti mashuzi atha. Kuikapo mawashala kapena kupinda ndodo n'kungodzinamiza. Buleki ikamalira chitsulo pa chitsulo, dilamu nayo ikudyeka, ndipo mtengo wake umaposa wa mashuzi kutalitali. Mashuzi amene adonthera oyilo kapena girizi sachapidwa, amatayidwa. Pogula ena, yang'anani ngati chikopa chake chamatidwa molimba, chifukwa otchipa kwambiri ena amamatuka mkati mwa dilamu n'kumanga tayala njinga ili pa liwiro. Amene njinga yake ili ndi disiki kutsogolo aziona mafuta pa kagalasi, azisintha pakatha zaka ziwiri, ndipo athire a mtundu umene walembedwa pa chivindikiro, kuchokera m'botolo lotseka bwino. Oyilo wa injini asayandikire n'komwe.

Mukaoloka madzi, yendani pang'onopang'ono mukugwiragwira mabuleki mpaka aume. Ndipo buleki ya kutsogolo isamasulidwe dala poopa kugwa, monga ena amachitira. Mphamvu yaikulu yoimitsa njinga ili kutsogoloko. Pa mchenga ndi pa matope timaigwira mofatsa, pamodzi ndi ya kumbuyo.

Udindo wa tonse

Njinga zambiri za kabaza eni ake ndi ife asodzi ndi alimi, oyendetsa ndi ana athu amene timawauza ndalama yoti abweretse madzulo. Ngati ndalamayo siisiya kanthu kogulira mashuzi, mnyamata adzayendabe ndi buleki yakutha poopa kulandidwa njinga. Tigwirizane naye kuti ndalama ya tsiku limodzi pa mwezi ikhale ya kwa makaniko. Pogulitsa njinga, tinene chilema chake poyera ndi kupereka mapepala onse, pakuti amene adzakwere mawa mwina ndi mlongo wathu ali ndi khanda kumbuyo.

Pa siteji ya Kachulu napo atsogoleri a kabaza angathe kusunga kope lolembamo nambala ya chasisi ya njinga iliyonse, mwini wake ndi foni yake. Makaniko akaona kuti mashuzi a paketi yakutiyakuti akumatuka kawirikawiri, kapena njinga zatsopano za mtundu umodzi zikuduka malo amodzi, auze atcheya, uthenga uzungulire siteji yonse ndi kufika kwa wogulitsa. Ife okwera tili ndi ufulu wopempha woyendetsa kuti agwire buleki tikuona tisanakweze dengu. Akakana, njinga pa siteji si imodzi.