Waya wa mamita 1.5 wabweza mau kwa amalume ku Kanyama

Malaiti akapita, amalume anga ku Kanyama amatsala ndi mnzao mmodzi cabe: kawailesi ka mabatire. Maso ao anafooka, pa foni sawerenga. Koma m'nyumba yao ya malata, yopanikizika pakati pa zipupa za mabuloko, kawailesi kanali kungolira "shiii".

Ndinafuna kukagula kena ku Kamwala. Mudala wina wa ku Matero, wokonza mawailesi, anandiseka. "Iwe mwana, wailesi ilibe mlandu. Vuto ni eriyo. Sunga ndalama zako."

Pa Ciweru tinakumana kwa amalume. Anandituma waya wa kopa, kebo ya TV, paipi ya pulasitiki ndi tepi. Zonse pamodzi sizinafike mtengo wa thumba la unga la 25kg.

Masamu ake ndi apafupi. Tengani 143, mugawe ndi nambala ya siteshoni. Amalume amakonda Komboni Radio pa 94.9, ndiye yankho ndi mamita 1.5. Tinadula wayayo pakati, masentimita 75 uku, 75 uku, n'kumangirira pa paipi. Kawaya ka pakati pa kebo tinalumikiza ku mbali imodzi, ukonde wake wakunja ku mbali inayo. M'nyumba, kawaya ka pakati kaja tinakapana pa kandodo ka wailesi.

Mudala akuti anzake amene amalankhulana pa mawailesi aoao amacita masamu omwewa: pa 145 MHz mbali iliyonse ndi masentimita 49. Koma kuulutsa mau kufuna laisensi ya ZICTA, ndipo maina ao a pa mphepo muno m'Zambia amayamba ndi 9J.

Pa polo m'pamene tinakangana. Ine ndinasankha kutsogolo kwa nyumba, pofewa kukumba. Mudala analoza waya za ZESCO pamwamba panga. "Manje ikagwa, izagwela kuti? Ufuna tikulile cifukwa ca nyuzi?"

Tinasamukira kuseri. Pansi pa Kanyama ndi mwala, mvula ikagwa madzi amaima, conco polo tinaimanga ndi waya zitatu zokoka. Polumikiza paja tinakulunga tepi kuti madzi asalowe. Lamulo lomaliza anauza amai a pakhomo: kukayamba kugunda, cotsani kebo ku wailesi, mphezi isatsike nayo.

Titayatsa, mau anamveka mbee. Ndinayamba kufotokoza za masamu aja, amalume anakweza dzanja.

"Nkala zii, mwipwa. Nimvele nyuzi."

Aneba anasuzumira pa mpanda: "Mwati masentimita angati?"