Rimoti ya galimoto ikasiya kugwira ntchito, musathamangire kugula ina

Galimoto zambiri zomwe achinyamata akuyendera masiku ano, kaya ndi Vitz, Passo, Sienta, Demio kapena Honda Fit, zimachokera ku Japan zitagwirapo kale ntchito. Zimatsikira pa doko la Dar es Salaam, n'kulowa m'dziko muno kudzera pa chipata cha Songwe ku Karonga. Ndipo zambiri zimafika ndi kiyi mmodzi yekha basi. Kiyi ameneyu akangodwala, galimoto yomwe munaisungira ndalama zaka zingapo imasanduka chokhalira nkhuku pabwalo. Kwa mnyamata amene Sienta yakeyo ndi ya takisi, tsiku limodzi losayenda ndi ndiwo za ana zomwe zapita.

Chosangalatsa n'chakuti matenda ambiri a rimoti ndi otchipa kuchiza. Wolakwa nthawi zambiri amakhala batire.

Batire la rimoti ndi kaja kooneka ngati kobiri, ka mphamvu ya mavoti 3. Lisanathe limachenjeza. Kale munkatsegula galimoto muli pakhomo la shopu, pano mpaka muyandikire chitseko. Kale kudina kamodzi, pano katatu. Pa kiyi wa galimoto zoliza ndi batani, batire limakhala chaka chimodzi kapena ziwiri, chifukwa kiyiyo sagona, amangomvetsera ngati galimoto ikumuitana. Ndiye ganizirani kuti batire lomwe munalipezamo linaikidwa ku Japan, galimoto n'kukhalitsa pa yadi, kenaka milungu ingapo pa sitima ya pamadzi. Limafika litatopa kale.

Pogula, werengani nambala yolembedwa pa lakalelo. Nambalazi zili ndi tanthauzo: CR2032 ndi la mamilimita 20 m'lifupi ndi 3.2 kuchindikala, CR2016 ndi lalifupi lomwelo koma lopyapyala, mamilimita 1.6, pomwe CR1632 ndi locheperapo, mamilimita 16. Wogulitsa akakuuzani kuti "ndi chimodzimodzi bwana, lilowa," musamvere. Lopyapyala limagwedera mkati, rimoti n'kumagwira lero mawa ayi. Ena amasanjikiza awiri a CR2016 pamalo pa limodzi la CR2032 poti kuchindikala kwafanana. Kutero ndi kupatsa mavoti 6 kachipangizo kofuna 3, ndipo mukhoza kukaotcha. Yang'ananinso tsiku lomwe lili pa paketi, chifukwa batire lomwe lakhala likuwambidwa padzuwa pa benchi miyezi yambiri likhoza kukhala lofooka lisanatsegulidwe n'komwe. Musanachotse lakale, jambulani ndi foni kuti musaiwale mbali yomwe chizindikiro cha + chimayang'ana.

Lakalelo musalisiye pa tebulo. Mwana akameza batire lotereli limatha kuotcha kum'mero m'maola awiri okha. Zikachitika, thamangirani kuchipatala nthawi yomweyo, osadikira kuti lituluka lokha.

Nanga batire likathera pamalo oimika galimoto, usiku, shopu zitatseka? Apa ndi pomwe ambiri amaitana makaniko pachabe. Mkati mwa rimoti muli kakiyi kachitsulo kobisika. Kankhani kaloko kakang'ono ka pambali kapena kumbuyo, katuluka. Tsegulani chitseko cha dalaivala ndi kameneko. Pa galimoto zina alamu imalira, musadandaule nayo, imasiya injini ikalira. Mukalowa, pondani buleki, gunditsani rimoti pa batani la START, kenaka dinani. Pa Toyota, mbali yomwe ili ndi chizindikiro cha kampani ndiyo iyang'ane batanilo. Galimoto ilira.

Chifukwa chake n'chakuti mu kiyi muli zinthu ziwiri zosiyana. China ndi kawailesi kotumiza uthenga wotseka ndi kutsegula zitseko, ndipo kameneka ndi kamene kamadya batire. China ndi chip ya immobiliser, yomwe imauza kompyuta ya galimoto kuti kiyiyu ndi wake. Chip imeneyi siidalira batire: imalandira mphamvu kuchokera ku kakoyilo komwe kali pa batani la START, kapena kozungulira polowetsa kiyi pa galimoto zopotokola. N'chifukwa chake iyenera kuyandikira kwambiri.

Mfundo ya chip imeneyi muigwiritse, chifukwa ndi pomwe anthu amalirira. Mabatani a labala akang'ambika kapena pulasitiki ikasweka, mutha kugula chigoba chatsopano chopanda kanthu mkati n'kusamutsiramo zamkati za kiyi wakale. Pa makiyi ena chip ili pa bodi lobiriwira lija, ndiye zimasamukira limodzi. Koma pa ena ndi kanthu kakuda kapadera, kapena kagalasi kochepa ngati njere ya mpunga, kokanirira pakona ya chigoba chakale. Munthu amasamutsa bodi, chigoba chakale n'kutaya kudzala. Zitseko zikutseguka bwinobwino, koma injini ikungozungulira osalira. Chigoba chakale musataye mpaka galimoto italira ndi chatsopanocho.

Mwasintha batire koma zii? Tsegulaninso muone tizitsulo togwira batire. Tikaphwanyidwa ndi kugwagwa kwa kiyi timasiya kukhudza bwino. Tikwezeni pang'ono ndi chotokosera m'mano. Ngati batani limodzi lokha ndi lomwe lafa, mwina lotsegula chifukwa ndi lomwe limadinidwa kwambiri, ndiye kuti kaswitchi kake kamasuka pa bodi kapena katha. Ntchito imeneyi, kunena zoona, si ya makaniko wa masipanala. Pitani nayo kwa anyamata okonza mafoni, aja amaotcherera tizinthu ting'onoting'ono tsiku ndi tsiku. Kwa iwo ndi ntchito ya mphindi zochepa.

Madzi ndi mdani wina, makamaka nthawi ya dzinja kapena kiyi akachapidwira limodzi ndi jinzi. Chotsani batire msanga, musadine mabatani kuti "ndione ngati ikugwirabe." Pukutani bodi ndi spirit ya isopropyl, yomwe okonza mafoni omwewo amakhala nayo, muisiye iume tsiku lathunthu, kenaka ikani batire latsopano. Za kukwirira mu mpunga zija, mpungawo ingophikani. Suchotsa litsiro lomwe limatsala pa bodi n'kuyambitsa dzimbiri.

Palinso nzeru ina yoyenda pa WhatsApp, yoti mulozetse rimoti pa kamera ya foni muone ngati ikuwala. Zimenezo zimatheka ndi rimoti ya TV, yomwe imatumiza kuwala kwa infrared. Ya galimoto imatumiza mafunde a wailesi, kamera singawaone. Pomwe foni ingakuthandizeni zenizeni ndi pa mauthenga a Chijapani omwe amabwera pa dashibodi: lozetsani kamera ya Google Translate, mudziwa ngati galimoto ikudandaula za batire la kiyi kapena zina. Koma foni yomweyo isamagone pamodzi ndi kiyi. Mabuku a Toyota amalangiza kuti kiyi wotereyu asakhale pafupi ndi TV, kompyuta, foni kapena tchaja, osachepera mita imodzi, chifukwa zimamalizitsa batire msanga.

Nthawi zina kiyi amakhala wosalakwa. Batire lalikulu la galimoto likafooka, chitseko chimodzi chikapanda kutsekeka bwino, kapena mukaima pafupi ndi nsanja ya mawailesi, rimoti imatha kuoneka ngati yafa. Yesani pamalo ena musanaiweruze.

Zonsezi zikakanika, ndiye kugula ina, ndipo apa m'pofunika maso. Rimoti za galimoto zopangidwira msika wa ku Japan zimalankhula pa mafunde a pakati pa 312 ndi 315 MHz, pomwe za ku South Africa ndi ku UK zimakhala pa 433 MHz. Mchimwene wanu wa ku Joni atha kukutumizirani rimoti yofanana ndendende ndi yanu, chizindikiro chomwecho, mabatani omwewo, koma galimoto yanu osaimva olo pang'ono. Tsegulani yakale, jambulani manambala a pa bodi ndi pa chigoba, mugule yogwirizana nawo. Chenjeraninso ndi makiyi ochotsedwa ku galimoto zophwasulidwa omwe mungawapeze kumalo a sipeya ngati ku Malangalanga ku Lilongwe kapena ku Ndirande ku Blantyre. Kiyi wa Toyota woliza ndi batani akalembetsedwa ku galimoto imodzi amakhala womangika kwa iyo, ndipo salola ina pokhapokha atafufutidwa ndi makina apadera. Funsani kaye wochita program ngati makinawo ali nawo, ndipo mugwirizane kuti mulipira galimoto ikalira.

Ine ndimati nthawi yabwino yopangitsa kiyi wachiwiri ndi pomwe woyambayo akugwirabe ntchito. Kiyi wamoyo akakhalapo, katswiri amalumikiza makina ake pa soketi ya OBD pansi pa chiwongolero n'kuwonjezera watsopano mosavuta. Onse akasowa, pa galimoto zina pamafunika kumasula dashibodi kuti afikire kabokosi ka immobiliser, ndipo mtengo wake umakwera kwambiri, osawerengera kukoketsa galimotoyo kupita ku galaja. Ngati kiyi wanu anachita kubedwa kapena kutayika, muuzeni katswiriyo afufute wakaleyo mu kompyuta ya galimoto, kuti amene wamutolayo asadzabwere kudzailiza usiku.