Mau a Cingelezi Ocokela ku Tsinde la Signum

Liu la Cilatini signum, lotanthauza cizindikilo, ndilo tsinde la mau monga sign, signal, signature, design ndi resign. Tanthauzo la cizindikilo likali kuoneka m'mau ambili mwa awa, koma mu resign linabisika: resignare linatanthauza kumatula cidindo, kenaka kufafaniza, ndipo m'Cingelezi lafika potanthauza kutula pansi udindo.

Cimene cibvuta ophunzila ndi kachulidwe. Mu sign, lembo la g silimveka, ndipo i amachulidwa ai. Mu signal ndi signature, g amamveka ndipo i ndi wamfupi. Mu design ndi resign, s amamveka monga z. N'zocititsa cidwi kuti Cinyanja cinasunga kusiyanaku pobweleka, pakuti timati kusaina koma siginecha. Mphunzitsi angacite bwino kuyambila pa mau awiliwa, popeza ana awadziwa kale.