Ulembe wa Makolo Ukadalipo pa Mivi

Inu a ku Chimaliro, mukatsika mapiri a Thyolo kulowera kumadzulo mumafika ku Chikwawa, m'chigwa cha Shire. Kumeneko kumamera chomera choyanga, dzina lake kombe. Kale alenje a Chimang'anja ankasinja njere zake nkupaka pa mivi. Umenewu ndiwo ulembe. Nyama ikalasidwa, mtima wake unkaima. Alenje ankadula mnofu wa pabala nkutaya, wotsalawo nkudya.

Dokotala John Kirk anayenda m'chigwachi ndi David Livingstone pakati pa 1858 ndi 1863. Tsiku lina anasunga kombe m'thumba limodzi ndi mswachi wake. Potsuka mano anamva kuwawa m'kamwa, ndipo mtima wake unayamba kugunda pang'onopang'ono. Mwayi wake, ulembewo unali wochepa! Pambuyo pake Thomas Fraser wa ku Edinburgh anapima kombe, napangamo mankhwala a odwala mtima.

Izi tikuzidziwa chifukwa zinalembedwa. Nanga za anthu akalekale amene sankalemba, tingazidziwe bwanji?

Tamvani za ku Joni. M'chaka cha 1983, akatswiri ofukula zinthu zakale anapeza fupa la mwendo wa nyama m'phanga la Kruger Cave. Fupalo ndi la zaka pafupifupi 7,000. M'kati mwake munali nsonga zitatu za mivi, zomatidwa ndi zinthu zouma. Poziona ndi maso, munthu akanangoti ndi dothi basi. Fupalo linasungidwa zaka pafupifupi 40 osadziwika kuti zoumazo zinali chiyani.

Kenaka akatswiri odziwa za poizoni anapalako pang'ono zoumazo nkuzipima ndi makina. Anapezamo mitundu iwiri ya poizoni woimitsa mtima, wina wa mtundu umene umapezeka m'kombe. Anapezamonso mafuta onga a nsatsi, nsatsi yomweyi imamera kuseri kwa nyumba zathu. Ndiye kuti alenje aja ankadziwa kusakaniza zomera zingapo. Sanali anthu osadziwa kanthu ayi.

Tsono inu mukamalima kapena kukumba dzenje, mwina mudzapeza nsonga ya muvi, mphika wakale kapena fupa losemedwa. Musatsuke, musapale ndi mpeni. Dothi lomatirira pamenepo ndilo limene akatswiri amapima. Musalawe, ndipo ana asaseweretse. Uzani amfumu kuti adziwitse a ku nyumba yosungiramo zinthu zakale ku Chichiri, mu mzinda wa Blantyre.