Kusandutsa Filimu ya Upandu Kukhala Sewero: Ntchito ya Chinenero M'minda ya Tiyi ya ku Honde ndi Chipinge

Cholinga cha pepala lino ndi kuonetsa kuti filimu ya upandu ikamasandutsidwa sewero, ntchito imene kamera inkagwira imagwera pa chinenero. Titenga chitsanzo cha The Ladykillers, filimu imene Alexander Mackendrick adatsogolera ku Ealing Studios m'chaka cha 1955, ndipo Graham Linehan adailembanso ngati sewero limene lidaonetsedwa ku Liverpool ndi ku London m'chaka cha 2011.

Nkhani yake ndi yotere. Mbava zisanu zichita lendi chipinda kwa mayi wokalamba, Mrs Wilberforce, zikunamizira kuti ndi gulu la oimba. Zikamakonza zakuba, zimaliza galamafoni kuti mayiyo aziganiza kuti zikuyeserera nyimbo. Iye atazindikira chinyengocho, mbavazo zigwirizana zomupha, koma zingophana zokhazokha. Kukoma kwa nkhaniyi kwagona pa mfundo imodzi: oonerera akudziwa zimene mayiyo sakudziwa. M'filimu kamera imaulula chinsinsichi poyandikira nkhope kapena chikwama cha ndalama. Pabwalo la sewero, makamaka la pamtetete, mwayi wotere palibe.

Tiyeni tsono tilingalire sewero lotere likuchitidwa m'makomboni a minda ya tiyi ya ku Honde Valley ndi Chipinge. Minda ya m'Zimbabwe idakoka antchito ochokera ku Nyasaland ndi ku Mozambique, kotero kuti Chichewa chidakumana ndi Chimanyika ku Honde, Chindau ku Chipinge, Chingerezi cha ku ofesi, ndi Chilapalapa chimene mabwana ankalamulira antchito. Malamulo aakulu a dziko la Zimbabwe a chaka cha 2013 amatchula Chichewa ndi Chindau pa zinenero 16 zovomerezeka.

Poyamba, Chichewa chili ndi njira yakeyake yoonetsera nkhope ziwiri za munthu. Pamaso pa mayiyo mbava inena kuti, "Agogo, mwadzuka bwanji?" Chitseko chikangotsekedwa, yomweyo iuza inzake kuti, "Iwe, nkhalambayi yationa." Kuchoka pa inu kufika pa iwe, ndiponso pa a- waulemu kufika pa dzina lonyoza, kukuchita zomwe kamera ikadachita.

Chachiwiri, kusintha chinenero ndi chida cha chinsinsi. Mbava zikamapangana m'Chichewa koma n'kumayankha mwini nyumba m'Chindau, oonerera odziwa zonse ziwiri amakhala patsogolo pa mayiyo. Koma pano pali choopsa. Ngati Chichewa chiperekedwa kwa akuba okhaokha, sewero lidzalimbikitsa chitonzo chimene ana a matchona akhala akuchimva, chakuti ndi obwera. Wolemba wanzeru adzasakaniza mbavazo, kapena adzapereka Chichewa kwa agogowo, amene ndiwo chikumbumtima cha nkhani yonse.

Chachitatu, pali wofotokozera. Bungwe la Central African Film Unit, limene lidagwira ntchito kuyambira 1948 mpaka 1963, linkaonetsa mafilimu opanda mawu, munthu ataima pambali kumasulira m'chinenero cha oonerera. Munthu wotere akufanana ndi mtsogoleri wa nthano, ndipo m'sewero angathe kulongosola kuba kochitikira mumsewu, kumene bwalo silingakuonetse.

Potsiriza, tikuona kuti womasulira asayambe ndi funso lakuti mawu awa m'Chichewa ndi chiyani. Ayambe wafunsa kuti ndani akulankhula kwa yani, m'chinenero chiti, ndipo ndani akumva.