Mwana akadwala, asankhe mankhwala ndani?

Mwana wa zaka ziwiri akatentha thupi n'kuyamba kukomoka, m'midzi yambiri achibale amathamangira naye kwa sing'anga. Kumeneko amamutema mphini ndi kumumwetsa mizu. Kuchipatala amafikako patapita masiku, malungo atakula kale.

Sindikunyoza zitsamba ayi. Ngakhale LA, mankhwala a malungo amene timalandira m'zipatala, gwero lake lina ndi chitsamba cha Artemisia cha ku China. Kusiyana kwake n'kwakuti LA anayesedwa ndipo amaperekedwa molingana ndi kulemera kwa mwana, pomwe kapu ya mizu yowiritsa ilibe mlingo. Chiwindi ndi impso za khanda sizipirira ngati za munthu wamkulu.

Wamkulu ali ndi ufulu wosankha kokachizidwa. Mwana sasankha, amangomeza zomwe tamupatsa. N'chifukwa chake lamulo losamalira ndi kuteteza ana la 2010 limati mwana wofunika chithandizo cha kuchipatala, koma makolo ake akukana kapena kunyalanyaza, ayenera kutetezedwa, ndipo boma lingathe kulowererapo.

Komabe kuopseza kokha sikuchiza. Mayi amene chipatala chili kutali, sing'anga ali pakhomo, sachita dala. Asing'anga, mwana wokomoka mutumizeni kuchipatala msanga. Anamwino, musakalipire mayi wobwera ndi mwana wa mphini, chifukwa mawa adzabisa zomwe wamumwetsa. Ndipo ife makolo, tikafika kwa dokotala, tinene zoona: mizu yanji, yochuluka bwanji, anamwa liti.